Satifiketi Yanga ya pa Mzere wa Feteleza

Iwe Tadala, pepala lakolo taliika pansi kaye, ulitsendereze ndi mwala, mphepo ya mwezi uno ndi yakuba. Enanu pitirizani kuswa mtedza, makutu alibe ntchito pamenepo. Ndaona kale kuti wopita m'lichero ukuchepa kuposa wopita m'kamwa, koma lero sindikalipa.

Amayi ako akutuma kuti ndikusankhire maphunziro a Folomu 3, eti? Akuti agogo ndi odziwa za sukulu? Akunditonza amenewo, ndimawadziwa ine. Komabe sananame kwenikweni. Ine amene mukundionayu, amene ndinalekezera Sitandade 4 chifukwa cha ng'ombe za eni, ndili ndi satifiketi ya Folomu 4. Musaseke! Ili m'nyumbamu, m'sutikesi yamalata, pansi pa jekete la kutchalitchi. Mapointi ake ndi khumi ndi anayi, ndipo mukudziwa kuti pa mayeso amenewa mapointi akachepa ndiye kuti munthu wakhoza kwambiri. Mumve kaye mmene ndinaipezera, za pepalalo tiona pambuyo.

Zinali zaka za makuponi, makuponi enieni apepala, osati zanu za masiku anozi zoti dzina lili m'makina ndipo netiweki ikathawa nawenso wagwa nayo. Munthu unkalandira kuponi ya feteleza wokulitsa, ina ya wobereketsa, ina ya mbewu. Tinkazikulunga m'pepala la shuga n'kuzibisa m'kati mwa malaya, moti mvula ikatipeza m'njira tinkayamba taphimba pachifuwa, mutu uzinyowa. Thumba likapezeka silinali la munthu mmodzi. Tinkagawana mabanja awiri kapena atatu, kuyeza ndi ndowa, aliyense maso ali tong'o kuti mnzake asasefukize.

Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, mwezi umene mlimi wa kuno ku Kaomba alibe mutu. Fodya akufuna kupalira, chimanga chikufuna kubandira, nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Ndiye m'mwezi wotere mayi anu aang'ono a Esinati analowa Folomu 3. Inde, omwewo amene mumawathamangira akabwera pa njinga yamoto. Kwa ine ndi Esinati basi, ndinamunyamula ali ndi mamina.

Mwana ameneyu anali wa mafunso kuyambira ali wamng'ono. Tikupalira, iye waima, khasu paphewa. "Ababa, bwanji chimanga cha pachulu n'chobiriwira pamene ichi n'chachikasu, chonsecho mvula ndi imodzi?" Ine ndinkangoti, "Pachulu ndi pachulu, lima." Iye ankatapa dothi la pachulu ndi la m'munsi, n'kuliika m'zitini, kudzalamo nyemba kuseri kwa chigafa kuti aone. Nkhuku zikafukula, kulira kwake ngati kwagwa maliro. Ankanena poyera kuti adzapita ku koleji ya zaulimi kukaphunzira za nthaka, ndipo ife tinkaseka, tinkati nthaka yomwe timaipondayi munthu mpaka kukaikwerera basi.

Chaka chimenecho feteleza wobereketsa anachedwa. Chimanga chinafika m'mawondo chili chofooka, ndipo tonse tinakathera ku depoti. Ana inu mzere simuudziwa. Mzere wa feteleza unali mudzi pawokha, wokhala ndi malamulo ake. Ukafuna kupita kuseri, unkasiya chizindikiro pamalo pako: wina mwala, wina chisononkho, wina patapata mmodzi. Mwala wanga unali wakuda, wooneka ngati mutu wa mbuzi, ndipo anthu ankaulemekeza kuposa mwini wake. Chakudya chinali chimanga chokazinga cha m'thumba la jekete, mango a m'njira, ndi chigumu kwa amene zinkawayendera, kenako madzi a pamjigo. M'mawa uliwonse a kalaliki ankatuluka n'kunena kuti, "Lole yanyamuka kale, ili m'njira." Lole imeneyo inayenda masiku anayi, kaya inkachokera kunja kwa dziko.

Anthu akakhala chonchi opanda chochita, nzeru zimawachuluka. Pa mzere paja panalibe mbuli. Tinakonza mitengo ya ku okushoni, tinachiza nyamakazi, tinauza mvula tsiku lobwera. Wapampando wa zonsezi anali alamu anga a Kanyenda, mchimwene wawo wa agogo anu aakazi. Inu simungawakumbuke, anatisiya muli aang'ono. Anali munthu wabwino, woseketsa, koma mawu akuti "sindikudziwa" anafa osawatchulapo.

Tsiku lachitatu la mzerewo ndi limene a hedimasitala anaitanitsa makolo kusukulu kuti akatifotokozere za kasankhidwe ka maphunziro. Ine ndisiye mwala wanga tsiku lathunthu? Ndinati za sukulu zidikire, chimanga sichidikira. Agogo anu aakazi, amene akanapita, anali ku chipatala ku Nkhamenya kudikirira amayi ako, Tadala. Ndiwe amene unali m'mimba, ukukana kutuluka. Ndiye usamayang'ane kumbali, pa mlanduwu nawenso uli ndi gawo lako.

Dzuwa litakwera ndinangoona Esinati akubwera, yunifolomu itanyowa m'munsi ndi udzu wa m'njira. Anagwada pambali panga n'kutulutsa pepala.

"Ababa, makolo a anzanga abwera, amva, asayina. Aphunzitsi akuti inunso musayine apa, pepalali libwerere lero."

Pa pepalapo panali magulu awiri. Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Agirikacha, Chichewa ndi Jogalafe zinali konsekonse. Kusiyana kunali kwakuti gulu lina linali ndi Fizikosayansi, imene inu masiku ano mwaigawa pawiri kuti Fizikisi ndi Kemisitile, pamene linalo linali ndi Histole ndi za Baibulo. Mwanayo anali atachonga kale ndi pensulo ku gulu la Fizikosayansi. Changa chinali kulemba dzina basi. Ndinali nditabwereka kale cholembera pamene a Kanyenda anatambasula dzanja.

"Tabweretsani kuno, alamu. Mwana wa mlongo wanga sangasayinitsidwe zinthu ine mwini mbumba ndili pompano."

Analigwira pepalalo patali ndi maso monga amachitira owerenga zenizeni, ndipo mzere wonse unapindika kutizungulira.

"Iwe, ukufuna kudzakhala ndani?"

"Ndikufuna ndikaphunzire za nthaka, atsibweni."

"Za nthaka? Nanga Agirikacha si iyi ili apayi? Tsono Fizikosayansiyi ndi ya chiyani?"

Bambo wina amene ankakonza mawailesi anayankha msanga: "Imeneyo ndi ya magetsi ndi mawaya."

"Magetsi!" anatero a Kanyenda. "Kwathu kuno magetsi timawaona mvula ikamang'anima."

Mkulu wina wa mpingo anakhosomola n'kunena kuti mwana wamkazi wodziwa Baibulo sasowa banja labwino. Mayi wina kumbuyo anati mwana wake anaitenga Fizikosayansiyo, anaonda nayo mpaka anthu kumafunsa ngati akudwala. Kenako a Kanyenda anamanga nkhani yonse.

"Alamu, pa sukulu paja palibe labotale. Mankhwala amachita kuwajambula pa bolodi ndi choko. Munthu sadzala fodya m'dambo dala, amadzala pamene akudziwa kuti akolola. Ku yunivesite amatenga wa mapointi ochepa, basi. Mupatseni zopepuka, mapointi atsike, alowe."

Anthu onse anavomera, ndipo kunena zoona zinkamveka zanzeru. Munthu mmodzi yekha ndiye anatsutsa. A Saidi, amene anali ndi golosale moyang'anana ndi depoti, anali pakhonde pawo akuyeza mchere. Anatsika pang'onopang'ono, kapu yawo yoyera ili kumutu.

"Pepani akuluakulu, ndilowererepo pang'ono. Mwana wanga anadutsa m'zimenezi. Kumeneko asanawerenge mapointi, amayamba ayang'ana kaye maphunziro amene mwana anatenga. Digiri iliyonse ili ndi zake zimene imafuna. Inuyo mutakhala woyamba pa mzerewu, koma m'manja muli kuponi ya mbewu, a kalaliki angakupatseni feteleza?"

"A Saidi," anatero a Kanyenda, "za nthaka mwayamba liti? Munda wanu si shelefu?"

Mzere wonse unafa nacho chiseko, ndipo ine ndinaseka nawo. Apa ndiye mumvetsetse, ana inu, chifukwa sindiziulula kawirikawiri. Mawu a Saidi anandilowa. Mumtima ndinadziwa kuti ndiyenera kufunsa mwanayo kuti aphunzitsi anena zotani. Koma anthu onse aja ankandiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi kuoneka bambo wofunsa nzeru kwa mwana wake wamkazi pagulu.

"Fufuta," ndinatero.

"Ababa, aphunzitsi anati amene akufuna za ulimi..."

"Ndati fufuta."

Analibe labala. Wina anabudula kachidutswa ka patapata wosungira malo uja n'kumupatsa. Anafufuta mpaka pepala linada, anachonga ku gulu linalo, n'kunena kuti, "Chabwino, Ababa." Ndinasayinira pa chishalo cha njinga, dzina lonse, mopinda bwino kuti anthu aone kuti Sitandade 4 yakale sinali yamasewera. Lole sinabwerenso tsiku limenelo.

Agogo anu aakazi atabwera ndi kakhanda, kamene ndi iweyo, anamva nkhaniyi asanatule n'komwe katundu. "Bambo inu, mwasankhira mwana maphunziro pa mzere wa feteleza? Bwanji simunamusankhirenso mwamuna pomwepo, kuti ntchito ithere limodzi?" Anandiuza kuti ndipite kusukulu ndikasinthitse. Ndinati ndipita mawa. Mawa lake kunali kuthyola fodya, mkuja kusoka, kenako kupachika pa mikangala. Fodya wa bale ndi mwana wakhanda, safuna kumusiya. Pamene tinkadinda mabelo ndi jeke yobwereka, teremu inali itatha, ndipo ine ndinali nditadziuza kuti zili bwino.

Ndipo zinkaoneka bwinodi. Esinati sanadandaule. Ankasoka fodya buku lili pamwendo, ndipo m'chigafa muja tinadziwa maina a mafumu a maiko amene sitidzawaona. Mayeso a Folomu 4 atatuluka, anabwera akuthamanga: mapointi khumi ndi anayi! Pa sukulu yonse panalibe womuposa. Tinapha tambala wamkulu uja amene ankatidzutsa, agogo anu anafulula thobwa, nthungululu mpaka mudzi wa kutsidya. A Kanyenda anadya chiwindi ndi nthutumba zomwe, akuuza aliyense kuti, "Mapointi amenewa ndi anga, ndinawakonzera ku depoti."

Patapita milungu ingapo a Saidi anatitumizira mawu kuti tipite kugolosale. Anali atatisungira tsamba la nyuzipepala limene munali chidziwitso cha makoleji, digiri iliyonse ndi maphunziro amene ikufuna. Esinati analiyala pa kauntala n'kuyamba kutsata ndi chala. Ine ndinaima pambali chifuwa chili patsogolo. Chala chija chinatsika mpaka pansi, chinabwerera pamwamba, chinatsikanso.

"Palibe, Ababa."

"Palibe chiyani?"

"Za nthaka akufuna Fizikosayansi. Za mbewu, Fizikosayansi. Za ziweto, chimodzimodzi. Ngakhale unamwino."

"Nanga mapointi aja?"

"Safika n'komwe powawerenga."

Ndinayang'ana a Saidi. Iwo anali akupukuta sikelo imene inali yoyera kale. Sananene kuti ndinakuuzani, sanatchule za kuponi ya mbewu, ndipo ine ndikanakonda akananditukwana. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine mnansi ameneyo ndinamuseka pagulu. Ulendo wobwerera kunyumba tinayenda wapansi, ine ndikukankha njinga, iye ali kumbuyo. Sindinamvepo chisoni chotere chibadwire, ngakhale chaka chimene matalala anaboola fodya yense.

Musandimve molakwa, makamaka iwe Yamikani amene umakonda Histole. Maphunziro amene aja si oipa. Pa nyuzipepala pomwepo panali madigiri ena amene akanamulandira ndi manja awiri. Mnzake wina amene anali naye gulu limodzi anapita kukaphunzira za uphunzitsi, lero ndi hedimasitala, ndipo ndi wosangalala chifukwa n'zimene ankafuna. Basi ya ku Mzuzu ndi yabwino, koma osati kwa munthu amene ulendo wake ndi wa ku Lilongwe. Mwana wanga ankafuna nthaka, ndipo ine ndinamutsekera njira ndi dzanja langa.

A Kanyenda sanasowe chonena. Anati ku makolejiko kuli tsankho, kenako anati mwanayo wakula, ndipo kuli mnyamata wina ku Lukwa wa ngolo ndi zigafa ziwiri amene wakhala akufunsafunsa. Agogo anu anawayankha mawu amene sindingabwereze pamaso pa ana. Panapita sabata yathunthu. Tsiku lina tili awiri m'chigafa, tikusankha fodya, Esinati anayankhula maso ali pa tsamba.

"Ababa, ndibwerera Folomu 3."

"Zaka ziwiri zonse? Sungangolemba imodzi yokhayo?"

"Sindinaiphunzirepo. Komanso akufuna zonse zikhale pa satifiketi imodzi." Anaika tsamba pa mulu wake. "Koma ulendo uno mukasayinire kusukulu, Ababa. Osati pa mzere."

Ndinapita. Ndinavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata, ndinapalasa njinga mpaka ku sukulu ina ya kutuledingi imene inali ndi kalabotale kakang'ono ndi makalasi a masana a obwereza. Ndinakhala pa desiki, mawondo akugunda kumtunda, n'kufunsa mphunzitsi mafunso onse amene ndinachita nawo manyazi ku depoti. Sanandiseke n'komwe. Zonse zinatha nthawi yochepa kuposa yokazinga chimanga.

Zaka ziwiri zimenezo zinali zazitali. Anzake anali atapita, ena ku koleji, ena ku mabanja, iye n'kumakhala m'kalasi ndi ana amene ankawatsogolera ku Sande sukulu. Ankamutcha kuti anti a kalasi. Mizere yake ya kumunda ndinaitenga ine, ndipo masana ndinkamuperekeza pa njinga, iye pa kaliyala akuloweza zinthu zomveka ngati maina a mankhwala a mbozi. Anthu ankati a Phiri asanduka kabaza, ine ndinkangoimba belu.

Tsiku lina ndinamupeza pakhonde pano atandanda makapu atatu a madzi a chidede, ofiira aja. M'kapu imodzi anafinyiramo ndimu, madzi anawala psuu. M'kapu ina anathiramo chidulo chimene agogo anu anachezera therere, ndipo madzi aja anada n'kusanduka obiriwira ine ndikuona. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinati mwanayu kusukuluko akumuphunzitsa zamatsenga. Anaseka mpaka misozi.

"Ababa, nthaka nayonso imakhala yowawasa ngati ndimuyu, ina ngati chidulochi. Ikawawasa kwambiri, feteleza amene mumagonera pa mzere uja mbewu sizimudya bwino. Fizikosayansi ija ndi imeneyi."

Ndinafunsa kuti nanga mawaya aja ali pati. Anati aliponso, koma ali kutsamba lina. Agogo anu anatulukira n'kukalipa kuti chidulo chawo chatha, ndipo tsiku limenelo therere linali lokhakhala.

Mayeso achiwiri anapeza mapointi khumi ndi asanu ndi anayi. A Kanyenda anagwira kukamwa. "Mwaona, alamu? Zaka ziwiri, mwana wabwerera m'mbuyo ndi mapointi asanu!" Sitinaphe tambala, tinali tisanaiwale za woyamba uja. Koma maina a osankhidwa atatuluka, lake linalipo, ku za nthaka zomwezo. A Saidi ndi amene anabwera nayo nyuzipepala mpaka pakhomo pano, wapansi, atatseka golosale dzuwa lili pamutu.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, katundu ali kale pa njinga, Esinati anandiitanira kuseri kwa chigafa kumene ankadzala nyemba zake zija. Anagwada n'kundipatsa envulopu. Ndinkayesa ndi kalata yotsanzika. Kutsegula, ndi satifiketi yoyamba ija, ya mapointi khumi ndi anayi.

"Iyi ndi yanu, Ababa," anatero. "Munasankha ndinu. Ine ndatenga yanga."

Ankamwetulira, ndipo nanenso ndinaseka, koma ndinachedwa kutuluka kuseri kuja. Ndinawauza agogo anu kuti m'maso mwalowa fumbi la fodya, chonsecho chigafa chinali chopanda kanthu. Mwanayo sanandinenepo mawu oipa, mpaka lero. Amabwera, amatapa dothi la m'munda mwanga m'timapepala, amandiuza kuti apa thirani manyowa, apa dzalani soya chaka chino, ine n'kumati inde alangizi. Koma zaka ziwiri zija sindingamubwezere, ndipo ndikatsegula sutikesi kutenga jekete Lamulungu lililonse, ndimaziona zili pompo.

Tsono chotsa mwalawo, Tadala, undipatse pepalalo. Ee, wachonga kale ndi pensulo, waona nanga. Sindikufunsa kuti wachonga pati. Ndikufunsa kuti ukufuna kudzachita chiyani, ndipo kodi wafufuza kuti kumeneko amafuna maphunziro ati? Usandiyankhe ine. Mawa tivala bwino, tipite limodzi kwa aphunzitsi ako, mayi ako aang'ono tiwaimbire pa foni ya Yamikaniyo imene imangolira nyimbo. Ukamva zonse, uchonge wekha ndi bolopeni, ine ndidzalemba dzina pansi pake.

Lero sindisayina, tenga pepala lako. Satifiketi ndili nayo kale imodzi, ndipo yachiwiri sindikuifuna.